Pawabanki Yanga Inali Yodzadza

Anzanga, m'mawa umene ndinayamba kulankhula ndi Eirin kunali nkhungu yoti doko silinkaoneka. Kunkamveka lipenga la sitima basi, mbalame zakunyanja zikukangana padenga, ndi nsapato za anthu zikuphwanya madzi oundana pamasitepe.

Dzina langa ndi Brage. Tikamawoloka pasitima yapamadzi kuchoka pachilumba kupita kusukulu, ndimakhala ndekha pampando wapakona n'kumayang'ana anthu. Ndimadziwa amene amagona, amene amakopera homuweki, amene wabwera osadya.

Tsiku limenelo ndinaona Eirin, mtsikana wa m'kalasi mwathu, wachipewa chachikasu, akufuna kubaya foni pakabowo ka USB kapansi pampando.

"Usabaye pamenepo." Mawu anangotuluka okha.

Anatembenuka. "Kani iwe umalankhula?"

"Chingwe chimenecho sichidutsitsa moto wokha. Zamufoni zimadutsanso momwemo. Wina atasokoneza kabowoko, zithunzi zako ndi mapasiwedi zapita."

"Ndiye nditani, Bwana Chaja? Batire ikufa."

Ndinatulutsa pawabanki yanga. Chingwe chake n'chachifupi kwambiri, ndiye Eirin anachita kukhala nane phewa ndi phewa mpaka tsidya. Mphindi makumi anayi, anzanga! Sindikukumbuka ngati ndinapuma.

Mawa lake anabweranso. Mkuja wakenso.

"Bwana Chaja, moto ulipo?"

Tsiku lina ndinasuzumira pafoni yake akubaya. Batire inali yodzadza kale... Anaona kuti ndaona.

"Usanene kanthu," anatero, makutu atafiira. "Ina buledi uyu."

Kuyambira pamenepo ankandinyemera buledi wake wa tchizi chabulauni, ine ndikumuuza zimene ndaona.

"Bambo awo ajekete lofiira avala masokosi osiyana."

"Iwe uli ndi vuto, ukudziwa?"

Ankaseka mpaka kutsamwa. Chisanu chitafika pachimake analowetsa dzanja lake m'thumba la jekete langa, ati magolovesi waiwala. Ndinkawaona ali m'chikwama chake.

Kenako kunabwera ulendo wa kalasi wopita kumzinda kukaona nyumba yosungiramo zakale. M'sitima yapamtunda Eirin anakhala ndi Sindre, goloboyi wa timu yasukulu. Ine ndinali mipando itatu kumbuyo. Eirin anaseka maulendo khumi ndi umodzi. Ndinawerenga.

Titatsika pasiteshoni anandithamangira.

"Brage, moto, msanga. Tikiti yobwerera ili mufoni."

"Yatha," ndinatero.

"Iwe? Yatha?"

"Ndinaiwala kutchaja."

Anandikhulupirira, sanafunsenso. Anapita pachipilala chotchajira pafupi ndi zimbudzi, pomwe pankalendewera zingwe zosadziwika mwini. Anatola choyera. Foni inamufunsa kanthu pagalasi, iye anadina osawerenga, akucheza ndi anzake.

Zonsezi ndinaziona. Ndinangoima, manja ali m'thumba.

Masana tikudya, mafoni a kalasi yonse analira pamodzi. Uthenga wochokera kwa Eirin: "Taona chithunzi chakochi," ndi linki pansi pake.

"Sindine! Musatsegule!"

Anayesa kulowa mu akaunti yake, pasiwedi inakana. Anayesa imelo, chimodzimodzi. Aphunzitsi athu, Mayi Haugland, anati aizime foniyo pompo.

Eirin anabwera kwa ine, osati kwa Sindre.

"Zithunzi zanga zonse zili momwemo, Brage. Mauthenga athunso."

Ndipo ine, chitsiru, ndinati, "Ndinakuuza tsiku loyamba lija."

"Chabwino. Ndibwereke foni yako ndiwaimbire mayi."

Ndinatsegula chikwama mwaphuma. Pawabanki inagwa pansi, kabatani kanadinika, timagetsi tonse tinayi tinayaka.

Anaitola yekha. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"N'chifukwa chiyani?"

"Unaseka ndi Sindre ulendo wonse."

"Ndiye unandiona ndikubaya chingwe chija?"

"Eya."

"Mpaka kudina?"

Anandiikira pawabankiyo m'manja bwinobwino, n'kukabwereka foni kwa aphunzitsi.

Anzanga, zingwe zam'masiteshoni musazikhulupirire, yendani ndi chaja chanu chapakhoma kapena pawabanki. Zimenezo ndinkazidziwa kuposa aliyense m'kalasi. Eirin chingwe chija sanachikhulupirirepo. Amene iye anamukhulupirira ndi ine, nditamuuza kuti yatha.

Tinanyamuka pachilumba anthu makumi awiri ndi atatu. Pasitima yamadzulo tinabwerera makumi awiri ndi awiri: Mayi Haugland, Sindre, anyamata ampira, atsikana ampando wakutsogolo, ndi ine. Eirin anatsala kumzinda kwa azakhali ake kuti m'mawa akafufutitse foni yonse. Anabwera Lolemba ndi mayi ake, anakhala m'chipinda chapamwamba cha sitima, kutali ndi mpando wanga wapakona.