Mfuti Yokokera Kumanzere

Ndikukumbukira fungo la kantina ya Chandevu ku Mwaladzi: nsomba zouma za bakayawo, palafini, sopo wa mtanda, ndipo pamwamba pa zonsezi mafuta opukutira mfuti. Ndinali ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri, shikola nditaisiya kale. Musandifunse zambiri. Apulofesolo anandimenya ndi rula pamfundo za zala chifukwa choyankhula Chinyanja m'kalasi, ine ndinawagenda ndi botolo la inki, maphunziro anga anathera pomwepo. Mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Amayi amati ndinatuluka m'mimba nditakunga kale chibakera.

Chandevu anali Mpwitikizi mwini kantinayo. Dzina lake lenileni linkatipinda lilime, ndiye tinangomutchula ndi ndevu zake. Ntchito yanga inali kusesa, kupirikitsa mbuzi pakhonde, ndipo Lamulungu likafika, kumuimikira zitini za sadinya pachulu kuseri kwa kantina kuti aziwombera ndi alendo ake. Anali ndi mfuti imodzi yodula imene ankaitsekera m'bokosi, sindinaikhudzepo. Zowombera zitinizo zinali zitatu zazing'ono, za tizipolopolo tonga nyemba, zosadula kwenikweni komanso zosati n'zachabechabe, zapakatikati. Poti wozipukuta ndinali ine, ndinazipatsa maina.

Yoyamba inali Namwali. Inkanyezimira, thako lake losalala ngati chipande chatsopano, ndipo pomwe waloza mpomwe chipolopolo chinkapita. Yachiwiri inali Chifuwa. Imeneyo inkalira kawiri, kachitatu n'kungoti khe, ngati nkhalamba yatsamwa fodya. Yachitatu inali Manzere. Inagwapo pagalimoto, thako lake linang'aluka n'kumangidwa ndi waya wamkuwa, ndipo chichokereni tsiku limenelo inkaponya chipolopolo kumanzere pafupifupi mkono wathunthu. Chandevu ankadziwa, koma sankauza munthu. Mlendo akabwera wodzitama, ankamupatsa Manzere, iye n'kutenga Namwali, kenako n'kumaseka mpaka ndevu kugwedezeka. Chinsinsi chimenechi tinkachidziwa awiri, iye ndi ine.

Nthawi imeneyo nkhondo inali itatipeza. Apwitikizi anatichotsa m'midzi yathu n'kutiunjika m'mudzi wa waya, nyumba zili m'mizere ngati chimanga, geti limodzi lotulukira. Tsiku lina shefi wa posito, bwana wa boma wolamulira dera lathu, analengeza kuti akufuna amuna a milisiya, olondera geti lija ndi mfuti. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Wa milisiya anali fupa pakati pa agalu awiri: Apwitikizi osamukhulupirira, anyamata a kuthengo omenyera ufulu akumuyesa mdani, munda wake ukumera tsekera. Shefi anati Loweruka mwamuna aliyense adzawombera chitini katatu, wochilasa walowa. Mfuti za asilikali sakanazipereka m'manja mwa anthu osawadziwa, choncho anabwereka zitatu za Chandevu zija.

Vuto linagwera ababa, a Zakeyo. Asanawalande mfuti yawo ya gogodela, anali mlenje womveka mpaka ku Kasakatiza. Nguluwe ikalowa m'munda mwa munthu, ankaitana iwo. Tsono chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, ana tinalipo asanu, chimanga chili m'mawondo chikufuna khasu. Ababa akanalowa milisiya, sindikudziwa tikanadya chiyani, ndipo sindikudziwa ngati iwo akanaona zokolola.

Lachisanu masana ababa anandiitanira kumunda. Tinakhala pansi pa mpoza, makasu tagoneka, thukuta likuuma pamsana, ndipo anandifunsa za mfuti zija imodziimodzi ngati munthu wofufuza mbiri ya banja lomwe akufuna kukwatirako. Ine ndinati atenge Namwali n'kuloza pambali dala. Anapukusa mutu. Sipayo, wapolisi wachikuda wa shefi uja, anali atadya nyama yawo kambirimbiri, ndipo akanaima kumbuyo kwawo n'kumayang'ana mpope wa mfuti. Mlenje wodziwika akaphonya dala, mawa lake amamutenga pajipi kuti akafotokoze ngati ali kumbali ya akuthengo. Ndinati nanga Chifuwa? Anati ikakana angowapatsa ina. Atamva za Manzere anamwetulira.

"Imeneyo ndiye mkazi wanga," anatero. "Ine ndiloza moona, sipayo aona kuti ndaloza moona, yonama ikhala mfuti. Koma iwe Luwizi, pakamwa pako. Wamva?"

Ndinalumbira. Ndinachita kunyambita chala n'kuloza kumwamba.

Loweruka kunacha kotentha, kutentha kuja kwa pakati pa mvula, dothi likufuka nthunzi, mango akugwa okha n'kumanunkhira pansi. Mudzi wonse unasonkhana kuseri kwa kantina, amuna kutsogolo, amayi ndi ana kumbuyo. Mfuti zitatu zija anazigoneka pamkeka. Chandevu anali atatulutsa garafau, chibotolo chachikulu cha vinyu, choti amwe ndi shefi ntchito ikatha. Anachikulunga m'thumba lonyowa n'kuchipachika panthambi ya mango kuti chizizire, mapazi khumi kumanja kwa chulu. Ine malo anga anali kuseri kwa mtengo wina chapambali, kudikira kuimika chitini chikagwa.

Anzanga, sindinaonepo mudzi wodwala maso ngati tsiku limenelo. Amuna omwe ankagenda njiwa ndi mwala n'kuigwetsa anaiwala kuti mfuti imagwiridwa kuti. Wina ananjenjemera mpaka chipolopolo chinalima pansi patsogolo pake. Wina anatsinzina maso onse awiri n'kutembenuzira nkhope kumbali monga ankachitira ndi gogodela poopa wonga, pomwe kamfuti kameneka kankangolira ngati nthambi youma ikuthyoka. Shefi ankatukwana m'Chipwitikizi, sipayo n'kumatanthauzira mosankha. Chitini chinangokhala phee pachulu, chikuwala padzuwa, ine mpaka ndinayamba kusinza.

Amene anandidzutsa anali amalume, a Bonifasiyo, mlongo wawo wa amayi. Iwowa ankaifuna milisiya ndi mtima wonse, osati chifukwa cha nkhondo ayi, koma jombo. Moyo wawo wonse anali asanavalepo nsapato. Anatenga Namwali, chifukwa ankakonda zonyezimira, ndipo chitini chinadumpha kawiri. Anabwerera akuyenda ngati tambala, akuyang'ana mapazi awo ngati jombozo zafika kale. Muyeneranso kudziwa kuti amalume sankawawerengera ababa. Kwa iwo mkamwini anali mkamwini basi, ngakhale aphe njovu.

Itafika nthawi ya ababa, anthu anasiya kunong'ona. Anagwada pamkeka n'kuyamba kusankha, ndipo anasankha mwaulemu wake. Ananyamula Namwali, anaiyeza m'manja, anasuzumira mumpope, anaibweza mokhala ngati yawakhumudwitsa. Ananyamula Chifuwa, anainunkhiza, anaigogoda ndi chala n'kutchera khutu monga timachitira pogula mtsuko. Pomaliza anatola Manzere, anasisita waya wamkuwa uja, n'kunena kuti mfuti ya zipsera ndiyo yaona zambiri. Chandevu anatsokomola n'kuyang'ana kumwamba.

Sipayo anaima kumbuyo kwawo, diso pa mpope. Ababa analoza bwinobwino. Pha! Fumbi linabuka mkono umodzi kumanzere kwa chitini. Analozanso. Pha! Fumbi pamalo omwewo, m'dzenje lomwelo. Zonse zinali kuyenda monga tinapanganira pansi pa mpoza. Kunatsala chipolopolo chimodzi kuti ababa abwerere ku khasu lawo.

Ndiye amalume anatsegula pakamwa.

"Alamu! Kodi nyama zija munkabwera nazo zija, munkachita kutola zofa zokha?" Anthu anaseka. Amalume atamva kuseka anawonjeza moto. "Mlongo wanga anapita ndi mlenje wa ziwala, anthuni! Mupatseni lichero akakole ngumbi!"

Kuseka kunafika mpaka kwa amayi kumbuyo. Ndinaona amayi anga ataphimba nkhope ndi nsalu. Lero ndikudziwa kuti ankabisa chimwemwe, koma tsiku limenelo ndinayesa akulira ndi manyazi. Ndinamva kutentha kuchokera m'mimba kukwera m'khosi, makutu anayamba kulira, ndipo lumbiro lonse lija, chala chonyambita chija, zinasungunuka. Ndinatulukira poyera n'kukuwa ndi mawu onse omwe Mulungu anandipatsa.

"Ababa! Lozani kumanja! Mfutiyo ndi yokhota, imakokera kumanzere! Aonetseni amalumewa!"

Kunagwa bata loti ndinamva bango likugwa mumtengo. Shefi anafunsa chomwe mwanayo wanena, ndipo ulendo uno sipayo anatanthauzira zonse osasiyako. Shefi anayang'ana Chandevu, yemwe Lamulungu lina anamupatsa mfuti yomweyo n'kumugonjetsa, ndipo Chandevu anafiira ngati phwetekere. Kenako shefi analoza ababa n'kulamula kuti alozedi kumanja.

Pamenepo m'pomwe nzeru zinandibwerera, zitachedwa. Akalasa chitini, alowa milisiya. Akaphonya, tsopano poti aliyense akudziwa kokhotera mfuti, ndiye kuti achita dala, jipi ikuwadikira. Ababa anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanakwinye nkhope, koma ndikanakonda akanandiponya khasu.

Anagwada bondo limodzi, anatsamiza tsaya pa waya wamkuwa uja, ndipo mpope unayamba kuyenda. Kumanja. Sipayo anavomera ndi mutu. Kumanjabe pang'ono. Sipayo anayamba kutsegula pakamwa. Pha!

Chitini sichinagwedezeke. Koma kumtengo wa mango kunamveka phwaa, ndipo thumba lonyowa lija linayamba kukha zofiira, poyamba madontho, kenako mtsinje. Fungo la vinyu linadzaza bwalo lonse. Nkhuku za Chandevu zinathamangira pomwepo n'kuyamba kumwa.

"Buru!" anakuwa shefi, chipewa ataponya pansi. Liwu limenelo silinafune wotanthauzira, tonse tinkadziwa kuti ndi bulu. Ababa anaika mfuti pamkeka mosamala, anawomba m'manja mwaulemu, n'kuuza sipayo kuti: "Auzeni ambuyewa kuti mwana anati kumanja, iwonso anati kumanja. Palibe anandiuza kuti kumanjako kulekeze pati."

Anawapatsa mbalamatodya, chithabwa chija cha mabowo chomenyera m'manja, makumi awiri. Apa palibe choseketsa. Ndinawerenga kulira kwake kulikonse nditaima pomwe ndinakuwira paja, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akuomba chinangwa chonyowa pamwala ndimatembenuka. Atamaliza, shefi analamula kuti munthu ameneyu asadzagwirenso mfuti pamaso pake, angadzaphe asilikali ake onse. Ine Chandevu anandikoka khutu mpaka pamsewu n'kundiuza kuti ndisadzapondenso pakhonde pake.

Tinabwerera kunyumba awiri, ine kumbuyo. Ababa ankayenda manja ali m'mwamba patsogolo pawo, atatupa ngati maungu, ngati anyamula mwana wosaoneka. Tili pafupi kufika anaima osatembenuka.

"Luwizi, uli ndi mwayi. Dikira manjawa aphwe."

Masabata atatu ndinapalira mizere yawo pamodzi ndi yanga, ndinawamwetsa madzi ndi chikho, ndinawamangira lamba. Ndipo ndiulule lero: m'mawa uliwonse ndinkasuzumira manja aja n'kupemphera chamumtima kuti asafulumire kuchira. Ataphwa, ababa anatenga khasu n'kupita kumunda. Sanandimenye. Kudikira kuja ndiko kunali chikwapu chake.

Amalume jombo anazilandira, zonse ziwiri zothina. Patapita miyezi ingapo zinthu zitavuta pageti, anathawira ku Zambia wapansi, jombo zili m'khosi. Mwa anzawo omwe analasa chitini pambuyo pa ababa tsiku lija, awiri sitinawaonenso. Ife tinakolola, ndipo amayi anabereka mwana wamkazi. Ababa anamutcha Tapulumuka, koma mudzi wonse umamuitana Garafau mpaka lero, ndipo amandida nazo ine.

Tsopano waya uja anazula kalekale, ena anamangira makola a nkhumba. Kantina inagwa denga, m'kati mwake mukumera bonongwe. Chulu chokha ndi mango uja ndiye zilipo. Ana a masiku ano aona mfuti zazikulu zoti Namwali angaoneke ngati chidole, ndipo palibe amazipatsa maina kapena kuzinunkhiza. Ababa akalamba, maso achita nkhungu, ndipo kukazizira zala zawo sizipindika bwino.

Chaka chatha, tikusenda chimanga pakhonde, ndinalimba mtima n'kuwafunsa chomwe chinandisautsa zaka zonsezi, ngati garafau lija linali ngozi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinayamba ndaganiza zodula chingwe chake," anatero, "koma ndinati likagwera pa udzu mwina silisweka. Ndiye ndinasankha pamimba." Anatola chisononkho n'kuchiyang'ana. "Mfuti ija inalibe mlandu, mwanawe. Inkangofuna munthu wodziwa kumene imakhotera. Ngati iweyo."

Ndinamva kutentha kuja kukuyamba m'mimba, kukwera m'khosi monga mwa masiku onse. Ndiye ndinayang'ana manja awo, ndinatola chimanga china, n'kupitiriza kusenda.