Vaisi ya Ababa Tsiku Loika Amayi

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumene ndinachitako kunali kugona. Tinali titachezera m'nyumba ya siwa, mtembo wa amayi uli pamphasa pakati pathu, ndipo azimayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo. Ine ndinali nditafika dzulo lake kuchokera ku Balaka, kumene ndinakwatiwa. Ndinatsika sitima pa Nkaya n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi, moti miyendo inali ikuwawabe.

Nditatuluka ndinapeza moto utayatsidwa kale kuseri kwa nyumba. Ophika anali azimayi a mudzi woyandikana nawo. Mmodzi ankasonkhezera ndi tizidutswa ta matabwa timene anatola pansi pa mtengo wa mango, pamene panali benchi ya ababa. Nditayang'anitsitsa ndinatizindikira.

Ababa anali kalipentala wa dzanja limodzi. Lamanja linatsala ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe. Wa manja awiri amagwira thabwa ndi dzanja lina n'kumacheka ndi linzakelo, koma iwo anachita kudzipangira manja ena a mitengo. Benchi yawo inali ya mizati yokumbira pansi, pamwamba pake pali mabowo okhaokha olowetsamo zikhomo. Thabwa ankaliika pakati pa zikhomozo n'kukhomera timitengo tosongoka m'mbali mpaka litagwira nganganga. Analinso ndi tizidutswa ta mlombwa toboola kale, totsogolera chiboolero kuti chisapotoke. Kumapeto kwa benchi kunali vaisi, chitsulo chopanira matabwa chimene anabwera nacho ku Joni. Chimene mitengo ndi vaisi zinkalephera kugwira, ankagwira amayi.

Zimenezo ndi zimene zinkapsa pamoto. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku lina mayi uja akanandidziwa bwino. Koma anali atasiya ana ake kuti adzatiphikire.

"Pepani mayi, ife timayesa zinyalala," anatero atandiona ndikuwokola ndi manja.

Ndinapulumutsa tochepa, takuda mbali imodzi, n'kutimanga pansonga ya chitenje.

Mantha anga sanali a mitengo yokha. Ababa anali mkamwini, kwawo ku Ngokwe. Mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, pokhapokha pamudzi pakhale mwana wake wamkazi womusunga. Anzanga obadwa nawo onse anatsogola, ndinatsala ndekha, ndipo ine ndinali kutauni. Pakati pa nyimbo za usiku ndinali nditamva kale manong'onong'o. Ku Ngokwe ababa analibenso munda, analibe nyumba. Benchi yokumbira pansi sinyamulika, ndipo pa msinkhu wawo sakanamanganso ina. Popanda benchi akanakhala wopemphetsa pakhomo la mzikiti.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga, ambiri wapansi, azimayi atasenza mitolo ya nkhuni ndi timadengu ta ufa. Inali nyengo ija mvula isanagwe, pamene dzuwa limayamba kuluma likangotuluka. Anafikanso mphwawo wa ababa, wogulitsa nsomba zouma pa Nkaya, atavala mkanjo woyera, pamodzi ndi anzake a ku mzikiti. Anakhala pakhonde pafupi ndi ababa n'kumayankhula Chiyao motsitsa.

Adzukulu anagawana ntchito. Ena anapita kukakumba manda, ena anatsala kupanga bokosi ndi matabwa a mbawa amene ababa ankasungira zitseko. Anali anthu odziwa khasu ndi nkhwangwa, ndipo anayesetsa. Koma benchi ija inapangidwira munthu wamanzere, chilichonse chinali kumbali imene iwo sankaiyembekezera. Mbawa youma sifuna msomali wongokhomerera. Thabwa loyamba linang'ambika, tonse tinamva. Litang'ambika lachiwiri, ababa anaimirira.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi yemwenso anali mwinimbumba, anawatsekera njira mwaulemu.

"Alamu, wofedwa sagwira chida lero."

"Ndikudziwa, alamu," anatero ababa. "Kwathu ku Chisilamu bokosi sitilifuna. Koma achemwali anu anali a tchalitchi, ndipo matabwa atsala omwewa. Akang'ambikanso, apita m'mphasa."

Atsibweni anapatuka. Ababa atafika pa benchi anapapasa pansi pake, kenaka anayang'ana uku ndi uku. Ndinapita n'kugwada, ndikumasula nsonga ya chitenje. Anatembenuza kachidutswa kamodzi kopsereza ndi chala, n'kuyang'ana utsi wa kuseri kwa nyumba.

"Moto sudziwa," anatero.

Timitengo tosongoka tonse tinali titapsa, choncho thabwa lalitali linkafuna munthu woligwira. Ababa anafunsa kuti ndani awagwirire. Adzukulu anayang'anana, poti kugwirira wofedwa ntchito yoletsedwa n'kudzitengera nawo mlandu. Atsibweni anavula jekete, napachika pa nthambi ya mango.

"Ndigwire pati?"

"Osagwira, alamu. Khalanipo."

Mmenemo ndi mmene anthu anaonera mwinimbumba, munthu wa mimba yake ndi ulemu wake, atakhala pa thabwa miyendo ili lendelende. Achinyamata ena anabisa nkhope. Ababa anamanga kathabwa kokutidwa ndi chiguduli pachifuwa, monga ankachitira nthawi zonse. Mutu wa chiboolero anautsamiritsa pamenepo n'kukankha ndi thupi lonse, dzanja lamanzere likupukusa. Wa dzanja limodzi sangagwire msomali n'kuumenya nthawi imodzi, ndiye iwo ankayamba aboola bowo la msomali uliwonse, kuuimika, kenaka hamala. Palibe thabwa linang'ambikanso. Pa zidutswa zazifupi anagwiritsa vaisi. Mbali za bokosi anazikoka ndi chingwe chopota ndi kamtengo mpaka zitalumana, atsibweni atapanikiza ngodya ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku?" anafunsa atsibweni akupuma mwawefuwefu.

"Uku akukonola chimanga," anayankha ababa.

Atsibweni anaseka pang'ono, kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Ndinaganiza kuti basi, nkhani ya kusudzula yathera pomwepo. Ndinadzinamiza.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Bokosi linkayenda kuchoka pa mapewa awa kupita pa mapewa ena, ndipo anzake a mphwawo wa ababa ananyamula nawo mpaka pa njanji. Mitambo inasonkhana cha kumapiri, mphepo yotentha ikutiwaza fumbi m'maso, koma dontho silinagwe. Kumanda mkulu wa mpingo anayankhula mwachidule. Wapampando wa chipani ndiye anatenga nthawi yake, kuyamikira mtendere ndi chitukuko, mpaka ana anayamba kulira ndi ludzu. Ababa anaima chilili, malaya akadali ndi utuchi. Sanalire. Bokosi likutsitsidwa anangoweramira kutsogolo ngati akuona ngati chivundikiro chakhala bwino.

Titabwerako n'kusamba m'manja, atsibweni anaitana achibale pansi pa mango paja. Sanali munthu woipa. Mu mbumba yawo munali atsikana ongokwatiwa kumene, amene ankafuna munda ndi malo omangapo, ndipo maso onse anali pa iwo.

"Alamu," anatero, "pamudzi pano palibe amene munamulakwira. Lero ndaona ndekha. Koma mwambo mukuudziwa. Mwana wanu akanakhala pano, bwenzi tikuti akusungani. Mmene zililimu, tikameta mudzakonzeke."

Iwo sanandiyang'ane, koma ena onse anatembenukira kwa ine. Ku Balaka ndinali ndi mwamuna wa ntchito yake, nyumba ya malata, madzi a pa mpopi ndi ana a sukulu. Mwamuna wanga anali atandiuza kalekale kuti iye chikamwini ayi. Ine wa pakamwa posachedwa uja ndinangoyang'ana pansi.

"Ndamva, alamu. Sikomo," anatero ababa. Mphwawo anayamba kufotokoza za kanyumba kena ka ku Ngokwe kamene denga lake linagwa, koma kangathe kukonzedwa.

Pofika madzulo khamu lonse linali litabalalika. Pa mafuwa panatsala phulusa, agalu akununkhiza. Achibale ochepa ogona pamaliro anali atagonera pakhonde chifukwa cha kutopa. Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda mphasa imene panagona amayi, kenaka ndinasowa chochita. Ndipamene ndinamva chitsulo chikugunda panja.

Ndinapeza ababa atawerama pa vaisi, sipanala ili m'dzanja. Ankafuna kumasula mabawuti oigwirizira ku benchi, koma akapotoza pamwamba, nati ya pansi inkazungulira nawo limodzi. Anayesa kuipana ndi bondo, inapulumuka. Atandiona anatola sipanala ina n'kundipatsira.

"Mwanangu, tagwira nati pansipa. Zinazi zitsale, koma vaisi yokhayi ndipite nayo."

Chibadwire sindinawakanirepo kugwira chinthu. Ndinayang'ana sipanala ija, ndinayang'ana mkono wa malaya wopindidwa ndi chipini paphewa lawo. Manja anga ndinawabisa m'chitenje.

"Iyayi, ababa."

"Wati chiyani?"

"Sindigwira."

"Nanga ndimasula bwanji ndekha?"

"Simumasula. Mawa nditumiza uthenga ku Balaka kuti ana abwere ndi katundu wanga."

Ababa anaweramuka. "Amuna ako akati chiyani?"

"Sindikudziwa," ndinatero, ndipo zoonadi sindinkadziwa. 

Anaikanso sipanala pa bawuti n'kupotoza kamodzi, mwina pofuna kundisonyeza kuti sanavomere. Bawuti ndi nati zinangozungulira limodzi. Anasiya sipanala pomwepo, nakhala pansi atatsamira mzati wa benchi, ndipo anayamba kulira, koyamba chimwalirire amayi. Sanakweze mawu, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Ndinakhala pafupi nawo, kumbali yopanda dzanja. Chitseko cha nyumba chinali pululu, m'kati muli zii, ndipo palibe amene anadzuka kukayatsa nyali.