Sizasi ndi Kanema wa Mlonda

Mlamu wanga timamutchula kuti Sizasi, chifukwa ntchito yake ndi kudula ndi kulumikiza makanema. Kachipinda kake kali kuseri kwa sitolo ya zitsulo: kompyuta imodzi, mpando wothyoka mwendo, ndi fani yongolira osatulutsa mphepo. Munthu wake ndi wowonda ngati tsache, nkhuku yomwe sangaphe, koma ojambula mafilimu a ndewu amachita kumulimbirana.

"Alamu, chibakera sichifika," ankandiuza. "Ndimadula chikadali m'malere, kenako ndikuonetsa mutu ukubwerera m'mbuyo. Kupwetekako mumamalizitsa nokha."

M'mawa wina ndili pomwepo, kunalowa mwini sitoloyo ndi madoda awiri, osaodira n'komwe. Anabweretsa kanema wa kamera ya pageti. Tinaona mwana wawo wa bwanayo, bambo wandevu zake, akukung'untha mlonda ndi chitsulo. Kumsana, m'nthiti, m'mawondo. Mlonda ali pansi anaponya ndodo kamodzi kokha, n'kumung'amba pachipumi.

"Uyambire pa ndodopo," anatero bwana. "Zachitsulozo uchotse. Apolisi akufuna kanemayu masana."

"Bwana, akam'mangatu munthuyu."

"Ndakufunsa zimenezo?"

Sizasi anakana. Doda mmodzi anamugwira dzanja lamanja, kuliika m'dirowa, n'kumenyetsa. Khwa! Zala ziwiri zinakhota. Ine ndimati ndilowerere, koma ndinalandira mbama yomwe inandikhazika pansi, mlomo uli wong'ambika. Doda uja anatsegulanso dirowa ija.

"Basi, bwana, basi!" analira mlamu.

Anagwira ntchitoyo ndi dzanja lamanzere, mamina ali chuchuchu. Anadulira pamene lole inkadutsa n'kutchinga kamera, n'kudzalumikiza pamene inkadutsa lole ina. Manambala a nthawi a m'ngodya anawadula ngati kamera ndiyo inakhala mopendekeka. Ndikunena zoona, ngakhale ine amene ndinalipo sindinaone msoko. Kukhoti mlonda anamugamula zaka zitatu.

Patatha mwezi kunabwera mkazi wa mlonda uja, foni ili m'manja. Anakhala pansi pakhomo, mpando anaukana.

"Achimwene, anthu akuti inu ndinu katswiri. Amuna anga akulumbira kuti kanemayu anamudula. Tandionereni, mwina apilo ingatheke."

Ndinamuyang'ana mlamu, ndikulankhula chamumtima. Nena, iwe, nena! Galimoto ya bwana inali panja pomwepo. Sizasi anaonera kanemayo kawiri konse, akusisita zala zake zokhota zija.

"Mayi, palibe pamene padulidwa."

"Ndiye kuti amuna anga andinamiza," anatero mayiyo motsitsa. Anathokoza, n'kupita.

Ndinamutukwana mlamu tsiku limenelo, kumutukwana kwenikweni, mpaka a m'sitolo kusuzumira. Anandisiya ndithe kaye, kenako anafunsa:

"Nanga inu, alamu, pakamwa panu panali chiyani?"