Babu loitana ngumbi

Chaka chomwe magetsi anafika kwathu ku Chileka, mwana wanga wamwamuna, wogwira ntchito kubwalo la ndege, anagula mababu a nyumba ziwiri: yanga ndi ya apongozi ake ku Lirangwe, komwe ali pachikamwini. Anati ndi a LED, sadya magetsi. Ine anandipatsa owala mwachikasu, ngati koloboyi. Ndinathokoza, koma ndinafunsa ngati a ku Lirangwe anali omwewo. Anangoti babu ndi babu.

Mvula itagwa, adzukulu anga atatu, omwe ankabwera Loweruka lililonse, anasiya kubwera. Mayi wawo ankati mayendedwe avuta. Minibasi ndinkaziona ndekha zikudutsa bwinobwino.

Ndinapita ku Lirangwe osatumiza uthenga. Ndinapeza asewele akuyanika ngumbi pamphasa ziwiri, adzukulu anga akupeta mapiko, milomo ili noninoni. Ndinayatsa dala babu la pakhonde pawo, masanasana. Linali loyera mbee. Asewele, osafunsidwa, anandifotokozera kuti ngumbi zimathamangira loyeralo, ndipo ana amangotchera beseni lamadzi pansi pake.

"Mkamwini wathu ameneyu amadziwa kusankha," anatero.

Mkamwini wawo. Ngati anam'bereka ndi iwo.

Mwana wanga nditamupanikiza, anati lachikasulo anandisankhira dala chifukwa ndinkadandaula za tizilombo. Kudandaula ndinkadandauladi, koma ngumbi ndi kachilombo?

Babu langa loyera sindinagule ku Lirangwe, kumeneko wogulitsa aliyense ndi mbale wawo. Ndinapita pasitolo ya ku Chileka konkuno, lachikasu lija nditalimanga kumsonga kwa chitenje kuti asandipatse lopota pomwe kwanga kumalowa lamapini. Wogulitsa anayamba zoti loyera limapweteka maso a achikulire. Ndinamufunsa amene wamutuma. Anayesa atatu ine ndikuona, ndinaloza lowala kwambiri, ndipo ndinalichotsa ndekha poyeserapo, asandisinthire m'bokosi.

Mvula yotsatira ngumbi zinagwa pakhonde panga mpaka kudzaza ndowa. Ndinatumiza uthenga kwa adzukulu kudzera kwa wakabaza, osati kwa mayi wawo.

Loweruka madzulo adzukulu anabweradi, koma asewele ali pambuyo, beseni lawo kumutu. Anakhala pampando wanga, n'kuliyang'ana babulo nthawi yaitali.

"Kani lanu ndi lalikulu chonchi? Wakukonderanitu mwanayu."

Sindinawauze kuti ndinagula ndekha. Ndinangoti mwana amadziwa bere lomwe anayamwa, ndipo ndinauza adzukulu kuti ayale mphasa, agona konkuno.