Mawu Obwereka Pamaliro a Rafaelo

M'midzi yozungulira Mayani, mukatchula dzina la a Gerevazio Nzunga anthu amayamba akumbuka pakamwa pawo, za kachewere n'kubwera pambuyo. Chonsecho bambowa ndi mlimi weniweni. Munda wawo uli pamtsetse moyang'anana ndi phiri, ndipo kuyambira ali mnyamata akhala akulima mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba, n'kumaperekera ogulitsa a pamsewu ku Chimbiya. Sukulu adalekezera Folomu 2 bambo awo atamwalira. Koma Mulungu adawaninkha lilime.

Pachinkhoswe, paukwati ngakhale pamaliro, mabanja ankawapempha kuti awayankhulire. Sankalemba kanthu. Ankangoimirira, chipewa chili m'manja, n'kukhosomola pang'ono, kenaka n'kunena kanthu kakang'ono kamene aliyense ankakadziwa koma palibe adaganizapo zokanena. Pamaliro a mayi wina wogulitsa zitumbuwa adati, "Amayiwa ankatikalipira tikamasankha chitumbuwa chachikulu, koma tikafika kunyumba tinkapeza atiponyera china m'thumba." Anthu adaseka misozi ili m'masaya, ndipo ana a malemuwo adagwirana manja. Luso lawo lidali lomwelo. Ankayang'anitsitsa anthu akadali moyo, n'kusunga mumtima zimene aona.

Mnzawo wapamtima adali a Rafaelo, mwini ngolo imene inkatuta matumba a kachewere kuchoka m'minda kupita kumsewu. Awiriwa adakulira limodzi kubusa, ndipo adakalamba akuitanabe kuti achimwene ngakhale padalibe ubale wa magazi. A Rafaelo adali ndi mawu ngati bingu. Akamaitana ng'ombe zawo kudambo, amayi a kutsidya ankadziwa kuti kwacha. M'tchalitchi ankaimba kuposa kwaya yonse, ndiponso mosemphana nayo, moti mphunzitsi wa kwayayo adachita kutopa n'kuwasiya.

Foni idabwera pa Khirisimasi ina. Adabwera nayo ndi Anjelina, mwana wamkazi wa a Gerevazio amene ndi namwino ku Lilongwe. Adawakhazika pakhonde n'kuwaonetsa kuti mufonimo muli nzeru zamakina zimene munthu amatha kuzifunsa chilichonse, izo n'kuyankha ngati munthu.

"Ngakhale m'Chichewa?" adafunsa a Gerevazio.

"Chimayesetsa, ababa. Koma musamangomeza zonse. Nachonso chimaphonya."

Mvula ya chaka chimenecho idali yamvumbi, ndipo masamba a kachewere adayamba kuda m'mphepete. A Gerevazio adajambula tsamba limodzi n'kufunsa. Yankho lidati mwina ndi chiwawu, lidafotokoza zoyenera kuchita msanga, n'kuwonjezera kuti akaonanenso ndi mlangizi wa zaulimi. Iwo adatembenuza masamba ena, adakumba tsinde limodzi n'kulinunkhiza, adakafunsanso mlangiziyo, ndipo onse adagwirizana. Munda udapulumuka. Anzawo adayamba kubwera ndi masamba awo m'mapepala, ndipo a Gerevazio ankanyadira. "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," ankatero akupukuta foniyo ndi malaya.

Zikadathera pamenepo bwenzi palibe nkhani. Koma chinthu chikakoma munthu amaiwala polekezera. Adayamba kuifunsa za tsiku lodzala, pamene kale ankangoyang'ana mitambo ya paphiri. Adaifunsa dzina loti apatse mdzukulu. Tsiku lina atasemphana mawu ndi akazi awo pa za mbuzi, adapita kuseri kwa khola kukafunsa mmene angapepesere, ndipo atabwerako ndi mawu osalala, mayi a Anjelina adangowayang'ana n'kupitiriza kusenda nyemba.

Kenaka idafika nthawi ya maukwati. Atapemphedwa kuyankhula paukwati wa mwana wa mlongo wawo, adaganiza zoyesa. Makina adalemba mawu okoma, a ndime zolongosoka, ndipo anthu adaomba m'manja. Ukwati wotsatira adachitanso chimodzimodzi. Zidali zopepuka. Sadafunikirenso kukhala chete m'munda tsiku lonse akusinkhasinkha za mkwati ndi mkwatibwi, kufunafuna mawu oyenera.

Amene adazindikira msanga adali a Rafaelo. Akuchokera kuukwati wina, onse atakwera pangolo, adawagunda ndi chigongono.

"Achimwene, zimene mwanena lero zija mudanenanso paukwati wa kwa a Gibson mwezi watha. Mwangosintha maina."

"Ukwati ndi umodzimodzi, achimwene."

"Ukwati ndi umodzi, koma anthu ake ngosiyana. Mnyamata wa leroyu adayenda wapansi mpaka ku Linthipe kukapepesa apongozi ake. Mudzi wonse ukudziwa. Inu osanenapo! Kodi mutu wanu uja mudabwereketsa kwa yani?"

A Gerevazio adaseka. "Safunsa adadya phula."

"Funsani, inde. Koma yambani mwadzifunsa nokha," adatero a Rafaelo, n'kukuwira ng'ombe zawo mpaka mbalame zidauluka m'mitengo.

M'mwezi wa June wotsatira, kukuzizira kolasa m'mafupa, a Rafaelo adagwa ali kumanga ng'ombe pagoli. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsamaya kale. Ana awo aamuna awiri, Stefano ndi Ezara, amene adapita ku Joni akadali anyamata, adabwera ndi akazi awo ndi ana amene adali asadawaonepo agogo awo. A Esitere, mkazi wa malemu, adatuma uthenga wachidule: woyankhula za moyo wa amuna awo akhale a Gerevazio, wina ayi.

M'mawa wa tsiku loika, adzukulu ali kumanda kukumba, a Gerevazio adachoka pasiwa n'kukakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe. Chifunga chidali chisadachoke. Adayesa kuganiza zoti akanene, koma akangoona nkhope ya mnzawoyo m'maganizo, misozi inkalengeza. Adachita mantha kuti akaimirira pagulu akangolira ngati mwana. Dzanja lidapita lokha m'thumba.

Adalemba kuti mnzawo wamwalira ndipo akufuna mawu a pamaliro. Makinawo adapepesa, kenaka adafunsa: malemuwo adali munthu wotani, ankakonda chiyani, nanga inu mukawakumbukira chimabwera choyamba n'chiyani? A Gerevazio adayang'ana mafunsowo nthawi yaitali. Mayankho ake adali nawo, odzaza nkhokwe, koma kuwatulutsa kudali kowawa. Adangolemba kuti, "Adali mlimi, Mkatolika, munthu wabwino. Ingolembani." Ndipo makinawo adalemba. Iwo adaona kuti ndime zake n'zokwanira, sadawerenge n'komwe mpaka kumapeto, n'kubwezera foni m'thumba.

Nthawi itakwana adaimirira pafupi ndi bokosi. Anthu adasendera kutsogolo, poti aliyense ankadziwa kuti awiriwa adali chala ndi mkanda. Stefano adakweza foni yake kuti ajambule. A Gerevazio adayamba kuwerenga. Adati malemu adali mzati wa banja, nyali ya mudzi, mtengo waukulu umene wagwa. Adati adali wolimbikira ntchito ndi wokonda Mulungu. Mawu ankatuluka bwinobwino, osagwedera. Kenaka adamva pakamwa pawo pakunena kuti, "Adali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, amene sankakweza mawu ake pamaso pa anthu."

Pagulu la amayi wina adatsokomola. Amuna a kumbuyo adayang'anana. Mphunzitsi wa kwaya adaweramitsa mutu. Apo padali poti a Gerevazio akadatha kuika foni pansi n'kunena kuti, "Abale, ndanama, tonse tikuwadziwa a Rafaelo." Anthu akadaseka, ndipo maliro akadakhala a Rafaelo enieni. Koma maso awo adakakamira pagalasi la foniyo, ndipo adawerengabe mpaka pa ameni.

Palibe adawadzudzula. Ezara adawagwira chanza n'kuthokoza mwaulemu. Patapita masiku ochepa anawo adakwera basi kubwerera ku Joni.

Padapita milungu a Gerevazio akuzemba njira yodutsa kwa a Esitere. Tsiku lina masana adalimba mtima. Adawapeza pabwalo akupeta nyemba, ngolo ili pambali, udzu utayamba kumera m'mateyala.

"Alamu, mwasowatu," adatero a Esitere, n'kuwapatsa mpando.

Atalonjerana, a Esitere ndiwo adayamba, osakweza mutu palichero.

"Mudayankhula bwino tsiku lija. Kungoti ine ndinkangodzifunsa kuti kodi alamuwa akunena za mwamuna wa yani."

"Ndidaopa kulira, mlamu."

"Nanga pamaliro timapitirapo chiyani?"

Osakonzekera, a Gerevazio adayamba kusimba. Adasimba za chaka chimene mayi a Anjelina adayamba kumva ululu wa pobereka mvula ili pakati, mtsinje utadzaza, a Rafaelo n'kumanga ng'ombe osafunsa kanthu. Mwanayo adabadwira m'ngolo momwemo asadafike kuchipatala cha mishoni, ndipo a Rafaelo adavula jekete lawo n'kufunditsa khandalo, iwo n'kuyenda chifuwa chili pamtunda akuimba nyimbo ya Maria mokuwa kuti mayiyo asakomoke. Adasimba mmene a Rafaelo ankalimira kabichi wokongola koma osamudya, ati amanunkha ngati sokosi. Adasimba za tsiku limene adabereka katekisiti kumsana kuti amuolotse, onse n'kugwera m'madzi, a Rafaelo n'kuvuuka akufunsa ngati ubatizo wachiwiri umaloledwa.

A Esitere adaseka mpaka adaika lichero pansi, kenaka adalira, ndipo a Gerevazio adalira nawo, masana dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zikutola nyemba zogwa.

"Za jeketezo ngakhale ine sadandiuzepo," adatero a Esitere akupukuta m'maso ndi chitenje. "Adangoti lidatayika. Mukadanena zimenezi ana aja ali pano. Adzukulu aja apita akudziwa kuti agogo awo adali munthu wachete. Ndiye amaonera kanema wa pamaliro uja kumeneko, ati akawasowa."

Mawu amenewo ndiwo adawalasa kwambiri a Gerevazio. Madzi akatayika saoleka. Munthu amaikidwa kamodzi, ndipo gulu lija, la anthu amene adamudziwa Rafaelo kuyambira kubusa, silidzasonkhananso pamodzi chifukwa cha iye.

Anjelina atamva nkhaniyi adadziimba mlandu, nati mwina akadapanda kugula foniyo. Bambo ake adakana. "Chija chidandifunsa, mwanawe. Chidandifunsa mafunso oyenera, omwe ine ndinkafunsa anthu kale. Ndine ndidakana kuyankha."

Foniyo sadaitaye. Mpaka lero amajambula masamba a kachewere, amafunsa za kasakanizidwe ka mankhwala, ndipo nthawi zina amatsutsana nayo akaona kuti zimene ikunena n'za nthaka ya kwina. Koma asadafunse amayamba ayenda m'mizere, n'kunena yekha mumtima chimene akuganiza. Akapemphedwa kuyankhula pamwambo amapita kaye kubanjako, n'kukhala pakhonde kumvetsera, ndipo tsikulo foni imatsala kunyumba. Kungoti opempha adachepa. Mabanja ena tsopano amatuma ana awo ophunzira, ndipo a Gerevazio akakhala kumbuyo n'kumva za mzati wa banja ndi nyali ya mudzi, amayang'ana pansi.

A Esitere adagulitsa ng'ombe zija n'kusamukira kwa mchemwali wawo ku Linthipe. Asadanyamuke adawapatsa a Gerevazio manambala a ana awo. Kuyambira pamenepo, Lamulungu akaweruka kutchalitchi, bambowa amakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba n'kujambula mawu awo, nkhani imodzi ya a Rafaelo, n'kutumiza ku Joni. Amayankhula mwapang'onopang'ono kuti adzukulu, amene Chichewa chimawavuta, amveko. Pena mawu amawathera pakati, koma safufuta. Stefano amayankha mwa apo ndi apo, kawirikawiri ndi kachithunzi ka manja opemphera. Ezara ntchito idamuchuluka, ndipo mauthenga ambiri sadawatsegulebe.