Tuba ya Anthu Awiri ndi Thadzi

Ndikukumbukira chaka chimene tuba ya kutchalitchi kwathu ku Nhartanda, mumzinda wa Tete, inasanduka chisa cha nkhuku. Tinali titangobwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo anzanga ankaseka Chinyungwe changa chopindika mpaka kundipatsa dzina loti Mmalawi. Dzinali linkandiwawa. Ndinaganiza kuti ndikalowa m'banda, gulu la oliza malipenga, adzayamba kunditchula dzina langa lenileni. Malo anali atatsala amodzi, a tuba, chilipenga chachikulu kuposa ine, ndipo tinkalimbirana awiri: ine ndi Fernando, mnyamata wa chifuwa ngati mgolo.

Tsono kutentha kwa ku Tete ngakhale nkhuku zimakudziwa. Thadzi la Dona Rozita, akazi awo a mesitiri Zuze otiphunzitsa, linapeza kuti m'kamwa mwa tuba, imene inkagona pansi m'kachipinda kamdima, n'mozizira bwino. Linaikiramo mazira n'kuyamba kufungatira. Dona Rozita analamula kuti wina asayerekeze kuliza mpaka anapiye ataswa, ndipo mesitiri, munthu amene ankakalipira ndi ansembe omwe, anangoti, “Mwamvatu.”

Choncho tinkaphunzira mwakachetechete. Ndinkagona chafufumimba pa simenti, fungo la zitosi lili m'mphuno, zala zitatu zili pa mapisitau, timabatani todina posintha mawu. Mesitiri ankanong'ona: re, chala choyamba ndi chachitatu, mi, choyamba ndi chachiwiri, fa, choyamba chokha. Ukadina mwaphuma, thadzi linkatuluka nthenga zili nyankhalala n'kukujompha. Fernando, zala zake ngati chinangwa, anajomphedwa mpaka anasiya kubwera. Ine ndinaphunzira kudina mofewa, ndipo ndinkadina paliponse: pa benchi kusukulu, pa chidebe potunga madzi, pamutu pa mng'ono wanga akangometedwa.

Anapiye anaswa dzulo lake la fesita, chikondwerero cha tchalitchi. Tinatsuka tuba, mesitiri n'kunena kuti aliyense alize kuti asankhe. Ndinakoka mpweya wanga wonse n'kuuzira. Munatuluka kanthenga kamodzi, basi. Ndinayesanso, kanthenga kena. Ndinadziwa kuti malo apita. Fernando atauzira, agalu a Nhartanda yonse anayankha, koma linali liwu limodzi lokhalokha ngati ng'ombe yosowa mwana, poti zala sankadziwa poziika.

Mesitiri anatiitana tonse awiri. “Mulungu sapatsa zonse munthu mmodzi,” anatero. “Wina mapapo, wina zala. Mawa muyenda nayo awiri.”

Zinaterodi. Fernando ananyamula tuba n'kumauzira, ine ndikuyenda chammbali ngati nkhanu, mkono uli m'mwamba, ndikudina. Anthu anaseka mpaka amayi ena kukhala pansi pafumbi, koma nyimbo sinaphonye pena paliponse. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene ananditchulanso Mmalawi. Dzina langa lenileni nalonso sanalitchule. Ndinasanduka Zala, ndipo lero ndi apongozi anga omwe amati a Zala.

Masiku ano ana a m'banda amaphunzira pa foni, ndipo tuba ili ndi bokosi lake lokhoma, nkhuku singalowemo. Ine mpaka pano sindinalizepo liwu ndi limodzi lomwe. Fernando amayendetsa kamiyau, chilole chonyamula malasha, ku Moatize. Akandiona pamsewu amatulutsa mutu pawindo n'kutupitsa masaya, ndipo zala zanga, kaya ndanyamula chiyani, zimayamba zokha kudina.