Bowa wa Kumanda

Kamera ndinaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Ndi iyeyo anandionetsa kuti ukachotsa lenzi n'kuitembenuza, kanthu kochepa ngati njere ya mapira kamadzaza chithunzi chonse. Anzanga a makamera ankajambula maukwati n'kumadya bwino. Ine, mphunzitsi wa pasukulu ina kwa Mposa, mtima unakagwera pa bowa womera pamitengo yovunda, uja ngakhale m'chaka cha njala palibe amazula.

Vuto linali kupeza chipika. Kumudzi mtengo suvunda, ukagwa lero mawa uli pamoto. Malo okhawo amene nkhuni zimagona mpaka kuwola ndi kumanda, poti palibe amatolako. Ndinkadziwa bwinobwino kuti mlendo salowa kumanda yekha, koma m'mawa wina wa dzinja, mvula itangokata, ndinalowa.

Ndinapeza chipika cha msuku chitamera tibowa toyera, tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Ndinagona chafufumimba, n'kutsamiritsa kagalasi ka mkazi wanga pamwala kuti kuwala kufike kunsi kwa bowa, kenako n'kugwira mpweya, chifukwa ukapuma chithunzi chimagwedera. Sindinaone kuti mtumbira wa kumapazi kwanga unali watsopano. Sindinamvenso amayi awiri amene ankadutsa panjira popita kudimba.

Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti aphunzitsi awapeza atagona pamanda a mwana, ali ndi galasi ndi makina. Atcheyamani a chipani anandipeza kusukulu.

"Iyayi, atcheyamani, ndimajambula bowa," ndinatero.

"Bowa wakudya?"

"Wosadya."

"Ndiye tikauone bowa wanuwo. Kamera ikhala kwa ine. Loweruka tipitira limodzi ku Balaka komwe mumatsukitsa filimu."

Ndinavomera msangamsanga, mpaka kuwathokoza. Koma nditafotokozera mkazi wanga, anangokhala pansi pomwe anaimapo.

"Nanga zija za buluku?" anandifunsa.

Zithunzi zimenezo zinali pafilimu yomweyo ya bowa. Masabata awiri m'mbuyomo, tikuseka m'nyumba chitseko chotseka, iye anavala buluku langa n'kuchita sawatcha ngati msilikali, ine n'kumujambula katatu. Masiku amenewo mkazi kuvala buluku unali mlandu. Choipitsitsa n'chakuti anaima pansi penipeni pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chinali pakhoma. Anthu ankatengedwa osabwerera pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi, ndipo mkazi wangayo anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba.

Loweruka tinakwera basi. Atcheyamani anakumbatira kamera pamiyendo ulendo wonse, akundigawira chimanga chootcha. Powoloka Shire pa Liwonde ndinaganiza zoilanda n'kuiponya m'madzi, koma manja anakana.

Mwini situdiyo anali bambo wachikulire wovala kofiya, wosakonda zolankhula. Ndinalibe mpata womunong'oneza kanthu. Atcheyamani anafuna kulowa naye m'chipinda chotsukira.

"Muno mumalowa munthu mmodzi, bwana," bamboyo anawauza. "Khalani pakhonde."

Tinakhala pakhondepo mpaka dzuwa kupendeka. Sitima inadutsa, anthu ankabwera kudzajambulitsa makhadi, ine ndikungoyang'ana chitseko chija, malaya atanyowa kumsana. Ndinali ndi mantha amene sindinawamveponso chibadwire.

Bambo uja atatuluka anayala zithunzi pathebulo. Bowa, bowa, bowa yekhayekha, wina wamkulu ngati ambulera, timadontho ta mvula tikuoneka kamodzikamodzi. Atcheyamani anatembenuza chilichonse, n'kufunsa ngati zonse zinali zomwezo.

"Zitatu zapsa," mwini situdiyo anayankha, osandiyang'ana n'komwe. "Aphunzitsiwa dzanja lawo silinakhwime."

Atcheyamani anaseka, nati ndine munthu wosokonekera chabe, osati mfiti, ndipo akauza anthu choncho. Anandilamula kukapepesa kwa eni maliro, ndipo ndinapitadi ndi nkhuku.

Kunyumba tinatulutsa manegetivu mu envulopu n'kuwaunika pazenera. Chidutswa chimodzi chinali chitadulidwa bwinobwino ndi sizasi, ndipo mu envulopumo munalibe. Sitinadziwe ngati bamboyo anachiwotcha kapena anachisunga m'kabati, ndipo kukafunsa kukanakhala kuvomera mlandu.

Tinakhala kwa Mposa zaka zina zisanu ndi chimodzi. Galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi sukulu, mkazi wanga ankabereka mwana n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Buluku lija analidula n'kusokera mwanayo makabudula awiri. Chipika chija chinali kuonekera panjira, ndipo dzinja lililonse chinkayera ndi bowa, koma kamera inangokhala m'sutikesi mpaka lenzi inachita nkhungu.